Kuwala kwa Pansi pa Chitseko

Chipinda cha mafayilo chinali kumapeto kwa kolido, kupitirira zimbudzi. Chinalibe zenera. Munali mashelefu achitsulo ofika kudenga, kabati yagalasi, tebulo, mpando umodzi, ndi machubu awiri a magetsi amene ankalira ngati njuchi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Mwini chipindacho anali bambo wamtali, wa imvi, amene aliyense ku khonsolo ankangowatchula kuti a Mafayilo.

Kale anthu ankaima pamzere pa chitseko chimenecho. Wofuna mapepala a puloti, wofuna laisensi ya golosale, wofuna kudziwa malire a mpanda wake, onse ankadutsira kwa a Mafayilo. Kenako kunabwera atsikana a makompyuta. Anajambula pepala lililonse n'kulilowetsa m'makina, ndipo a Mafayilo ndiwo ankawanyamulira makatoni. Atamaliza, atsikanawo anathokoza n'kupita. Mzere uja unasamukira ku ofesi ya m'mwamba.

Palibe amene anabwera kudzawauza kuti ntchito yatha. Iwonso sanapite kukauza munthu. M'mawa uliwonse ankavala tayi, n'kufika anzawo asanafike, n'kuyatsa magetsi, n'kutseka chitseko. Wodutsa mu kolido ankaona kamzere ka kuwala pansi pa chitsekocho n'kudziwa kuti a Mafayilo ali pa ntchito. Kamzere kameneko ndi kamene kankawagwirira ntchito. Kunyumba kunalibe wowafunsa kuti mwaswera bwanji. Akazi awo anamwalira chaka chomwe makatoni ankanyamulidwa, ndipo nyumba inakhala zii kuposa chipinda cha mafayilo.

Amene anasintha zinthu anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo. Khonsolo inamulemba ntchito yochepetsa magetsi ongowonongeka m'nyumba zake, chifukwa bilu inkadya zimene zikanakonza ngalande ndi misewu. Anali munthu woyenda mothamanga, pensulo kukhutu, wosatha kuyang'ana apongozi ake m'maso. Anachotsa machubu akale n'kuika mababu osatentha. Anakonza mazenera osatsekeka. Analanda mahita amene anthu ankabisa pansi pa matebulo, n'kusiya ketulo imodzi yokha kukhitchini. Anthu anang'ung'udza, kenako anazolowera.

Chimene sanazolowere chinali kachipangizo koyera, kangati theka la dzira, kamene anakhoma kudenga la chipinda chilichonse. Munthu akasuntha, magetsi ankayaka. Pakapita kanthawi popanda chosuntha, ankazima okha. Maswichi akale anawatseka ndi timbale. Mesenjala wa khonsolo, munthu wosasowa chonena, ndiye anakapatsa dzina loti kadiso.

"Kadiso aka n'kamiseche," anatero kukhitchini, akudikira ketulo. "Ungosinza pang'ono, kauza kale kolido yonse."

"Inu ndiye kamakudani," anayankha mayi wokolopa. "Ine kamandikonda. Ndikangolowa ndi ndowa, kandiyatsira ngati mkwatibwi."

"Mkwatibwi wa mopu!"

"Bola mopu. Inu mumakwatira benchi."

A ku akaunti anaphunzira kukupiza dzanja m'mwamba osachotsa maso pa kompyuta. Zinkaoneka ngati kalasi ya ana odziwa yankho.

Tsiku loika kadiso m'chipinda cha mafayilo, mkamwini anagogoda, ngakhale kuti m'zipinda zina ankangolowa.

"Odi, bambo."

"Lowani."

A Mafayilo anali atatsegula fayilo yaikulu patebulo, chala chikuyenda pa mizere. Mkamwini anaimika makwerero, anakhoma kachipangizoko, anatsika. Nthawi yonseyo ankayang'ana zida zake.

"Pepani kukusokonezani, bambo. Ndikuona muli ndi ntchito."

"Ilipo."

"Musade nkhawa nako. Mukamagwira ntchito mwa nthawi zonse, kutembenuza mapepala, kutenga fayilo, sikazimitsa. Kamamva ngakhale dzanja lokha."

"Chabwino."

"Mayi a mwana akuti mubwere Lamlungu."

"Ndiona."

Atatuluka, a Mafayilo anatseka fayilo ija n'kuika manja patebulo monga mwa masiku onse. Anayamba adabwa kuti njuchi zija zaleka kulira. Kenako magetsi anazima.

Anakhala mumdimamo pang'ono. Atakumbukira wodutsa mu kolido, anakweza dzanja. Magetsi anayaka.

Anachita zimenezo masiku angapo. Kuzima, kukweza dzanja. Kuzima, kukweza dzanja. Tsiku lina magetsi atayaka, maso awo anagwera pa galasi la kabati. Anaona nkhalamba ya tayi ikukupiza dzanja m'chipinda mopanda munthu, ngati ikuimitsa basi. Anatsitsa dzanjalo msanga. Makutu anawatentha.

Anayesa njira ina. Ankanyamula katoni kuchoka pa shelefu iyi kupita pa iyo, kenako n'kuibweza. Mawondo anayamba kudandaula. Lachinayi lake mayi wokolopa analowa osagogoda n'kuwapeza katoni ili pachifuwa.

"Mukusamuka, a Mafayilo?"

"Ayi."

"Nanga katoni yomweyi dzana si inali uko? Ndinakolopa pansi pake ine."

Mayiyo anaseka, osati mwachipongwe, n'kupitiriza kukolopa. Kuyambira pamenepo katoni ija sinasunthenso. Magetsi akazima, ankangowasiya. Mdimawo sunawavute. Unali wofanana ndi wa kunyumba, kungoti kuno ankamva mapazi a anthu ndi madzi a kuchimbudzi.

"A Mafayilo, masiku ano mwayamba kujomba?" anafunsa mesenjala pa geti. "Ndikadutsa kwanu kuja kuli bii."

"Ndimakhalapo."

"Aa, ndiye kuti kadiso kamakuyesani shelefu!"

Alonda anaseka. A Mafayilo anakonza tayi n'kudutsa.

Mwezi wotsatira makhansala anabwera kudzaona ntchito ya mkamwini. Ankayenera kuvomereza kuti ipitirire ku laibulale, ku kiliniki ya khonsolo ndi ku maofesi a kumsika. A Mafayilo sanauzidwe za ulendowo. Anangomva gulu la mapazi likubwera mu kolido, ndi mawu a mkamwini wawo akufotokoza mokweza kuposa mmene ankayankhulira pamaso pawo.

"Kale magetsi ankayaka tsiku lonse, muli munthu kaya mulibe. Pano onani. Chipinda ichi chili mumdima chifukwa mwini wake watuluka. Palibe amene wagwira swichi. Tikangotsegula chonchi..."

A Mafayilo akanatha kukweza dzanja. Anaganiza zotero. Dzanja silinachoke patebulo.

Chitseko chinatseguka, magetsi anayaka, ndipo khansala wina wamayi anakuwa n'kugwetsa chikwama. Onse anaona chomwecho: munthu wamkulu, wa tayi, atakhala tsonga pa tebulo lopanda pepala ngakhale limodzi, akuphethira.

"Mayo ine! Ndimayesa maliro!" anatero khansala wamayiyo, dzanja pamtima.

Mesenjala, amene ankanyamula mabotolo a madzi kumbuyo, anatsokomola kuti abise kuseka.

Bwana wamkulu wa khonsolo anasuzumira. "A Mafayilo, mukutani mumdima?"

"Ndakhala."

"Mukudwala?"

"Ayi."

Panali khansala wina wa chipewa chachikopa amene chiyambire sankazifuna zinthu zimenezi. Anadutsa pakati pa anzake n'kuloza kudenga.

"Injiniya, mwangotiuza kumene kuti kanthu aka kamamva ngakhale dzanja lokha. Ndiye tiuzeni chimodzi. Kaya kanthu kanuka n'kabodza, kaya bambo awa sakugwira ntchito. Ziwirizi, chiti?"

Mkamwini anayang'ana tebulo lopanda kanthu lija. Anayang'ana manja a apongozi ake. Kenako anayang'ana pansi.

"Ndinakaika molakwika, bwana. Shelefu iyi ikutchinga. Sikakuwaona bwino pamene akhalapo."

"Mwamva!" Khansala wa chipewa anatembenukira anzake. "Munthu akugwira ntchito, makina akumuzimitsira magetsi. Lero ndi muno. Mawa ndi ku kiliniki, namwino ali ndi jakisoni m'manja. Tizivomereza zimenezi?"

Anatuluka akukangana. Mkamwini anatsalira pang'ono pa chitseko, kenako anatseka pang'onopang'ono. A Mafayilo anayang'ana kudenga. Kadiso kanali pamwamba penipeni pa tebulo. Panalibe shelefu pakati pa iko ndi mutu wawo. Aliyense wa maso akanaona.

Loweruka masana mwana wawo anabwera kunyumba ndi malaya awo ochapa. Ankachita zimenezi chimwalirire mayi ake, ngakhale kuti bambo ake ankakana. Anakhala pa mpando wa mayi akewo n'kuyamba kupinda malayawo, ngakhale anali opinda kale.

"Bambo a mwana sakudya," anatero.

"Akudwala?"

"Komiti ya makhansala yaimitsa zonse. Akuti anagula zinthu zachabechabe. Wa chipewa uja akufuna azichotse n'kubwezera maswichi. Akuti mwinanso afune injiniya wina."

A Mafayilo anayang'ana panja.

"Iye akuti chiyani?"

"Akuti analakwitsa poika." Mwanayo anasalaza kolala ndi chala. "Koma bambo, ine munthu uja ndimamudziwa. Amayeza ndi tepi ngakhale pokhoma msomali wa kalendala. Ndinamufunsa kawiri, anangoti ndisiye."

"Musiyedi."

"Mumatani m'chipinda muja, bambo?"

"Ndimagwira ntchito."

Mwanayo anaika malaya mu kabati, anatsuka kapu imodzi imene inali mu sinki, anaipukuta nthawi yaitali. Potsanzika sanawayang'ane kumaso, ndipo a Mafayilo anadziwa kuti wachita zimenezo powalemekeza. Zinawapweteka kuposa kuseka kwa mesenjala.

Lolemba m'mawa kunamveka kugogoda.

"Odi, bambo."

"Lowani."

Mkamwini analowa ndi makwerero. Ndevu zinali zosameta. A Mafayilo anali atatsegulanso fayilo yaikulu ija, koma chala sichinkayenda.

"Ndabwera kudzakasuntha, bambo. Komiti ikukumana masana. Ndikufuna ndikanene kuti ndakonza."

"Mukasunthira kuti?"

Mkamwini anayang'ana kudenga, kumanja, kumanzere. Anakanda kukhutu kumene kunali pensulo.

"Mwina... chauko pang'ono."

"Chauko kakandiona bwino?"

"Kapena ndingokachotsa. Chipinda chino chokha ndibwezere swichi. Ndinena kuti mashelefu achitsulo amasokoneza. Palibe amene angafunse."

"Amasokonezadi?"

Mkamwini anaima atagwira makwerero ndi manja onse. A Mafayilo anakhala atagwira fayilo. Palibe amene anafuna kuyamba kuyang'ana mnzake. Anakhala choncho mpaka magetsi anazima.

Mumdima, mkamwini anapuma mozama, koma sanasunthe. Mwina ankaopa kuti akasuntha aoneka. A Mafayilo anapeza kuti mawu akutuluka mosavuta pamene nkhope sizikuoneka.

"Akamwini."

"Bambo."

"Fayilo iyi ndi ya msika umene unagwetsedwa musanakwatire."

"Ndinaona pachikuto, bambo. Tsiku lija."

"Munaona."

"Ee."

"Osanena."

"Ndikananena bwanji, bambo?"

Kuchimbudzi wina anatsegula madzi. Mapazi anadutsa mu kolido, kamzere ka kuwala kanalowa pansi pa chitseko kuchokera kunja, kenako kanatha.

"Chipite atsikana a makompyuta, palibe wabwera kudzafuna pepala," anatero a Mafayilo. "Ndimangokhala."

"Si mlandu, bambo. Mwagwira ntchito zaka zambiri. Zatsala pang'ono kuti mupume. Ingondilolani ndiike swichi."

"Ndiye ku kiliniki?"

"Ndiona chochita."

"Muona chiyani? Wa chipewa uja ali ndi bodza lanu m'thumba."

Kenako a Mafayilo anafewetsa mawu.

"Mwana wanga akuti simukudya."

"Amakokomeza."

"Sakokomeza. Anatengera mayi ake."

A Mafayilo anatseka fayilo. Magetsi anayaka nthawi yomweyo. Onse awiri anaphethira n'kuyang'ana kumbali.

"Mwaona," anatero a Mafayilo. "Dzanja lokha."

Anaimirira, anakonza tayi, anavala jekete.

"Mukupita kuti, bambo?"

"M'mwamba. Makwererowo siyani."

Anali asanakwere masitepe amenewo kwa nthawi yaitali. Anadutsa ofesi ya makompyuta, pamene mzere wawo wakale unaima. Mesenjala anali pa benchi panja pa ofesi ya bwana wamkulu.

"Ee! Shelefu yayenda lero!"

A Mafayilo anagogoda. Mkati munali bwana wamkulu ndi khansala wa chipewa, akumwa tiyi komiti isanayambe. Chipewa chinali pa bondo.

"A Mafayilo, khalani," anatero bwana wamkulu. "Takambirana za vuto lanu. Tikubwezerani swichi."

"Sindikhala. Kadiso kalibe vuto."

"Injiniya wavomera yekha kuti anakaika molakwika," anatero khansala.

"Ananama. Ndine mpongozi wake."

Khansala anaika kapu pansi.

"Kali pamwamba pa mutu wanga. Kamazima chifukwa sindisuntha. Sindisuntha chifukwa palibe chochita." A Mafayilo anayang'ana khoma, pamwamba pa mitu yawo. "Mapepala onse ali m'makompyuta. Ndimabwera, ndimatseka chitseko, ndimakhala. Magetsi akale ankayakira ine ndi mashelefu."

"Kuyambira liti?" anafunsa bwana wamkulu motsitsa mawu.

"Chipite atsikana aja."

Bwana wamkulu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Sanayang'ane khansala. Bwanayo nayenso ankadutsa pa chitseko chija tsiku ndi tsiku.

"Ine sindikhulupirira za m'kamwa," anatero khansala wa chipewa. "Ndikadzionere."

Anatsika onse. Mkamwini anali akadali m'chipindamo, pafupi ndi makwerero. Khansala anakhala pa mpando wa a Mafayilo, anauza onse atuluke, anatseka chitseko. Iwo anaima mu kolido akuyang'ana pansi pa chitsekocho. Mayi wokolopa anaima nawo, mopu m'manja. Kamzere kanakhalapo, kanakhalapo, kenako kanazima. Posakhalitsa kanayakanso. Khansala anatuluka akukanda mphuno.

"Ndangokanda apa," anatero, ngati wina wamulakwira. Anavala chipewa n'kuyang'ana a Mafayilo kuyambira kunsapato mpaka ku tayi. "Ndiye inu bambo, mumatha bwanji? Ine kanthawi komweka ndimafuna kupenga."

"Zimazoloweka."

Palibe amene anaseka, ngakhale mesenjala.

Komiti inavomereza kuti ntchito ipitirire ku laibulale ndi kumsika, ndipo ku kiliniki ayambe ndi makolido okha. Inagwirizananso kuti chipinda cha mafayilo chitsekedwe, chizitsegulidwa pokhapokha wina akafuna pepala lenileni. A Mafayilo anauzidwa kuti, mpaka nthawi yawo yopuma itakwana, azikhala pa tebulo la pakhomo lalikulu, kulozera anthu kolowera.

Nkhani inazungulira nyumba yonse asanaweruke. A ku akaunti ankatsitsa mawu iwo akamadutsa. Wina anawapatsa moni waulemu kwambiri, wonga wopatsa wodwala.

Lachiwiri m'mawa anapita kukatenga zawo. Sizinali zambiri: kapu, chipeso, ndi kansalu kamene akazi awo anasokera pa mpando. Mkamwini anabwera kudzatenga makwerero amene anagona momwemo.

"Bambo, sindinafune kuti zithe chonchi."

"Mwadya?"

"Ndadya."

"Chabwino."

"Lamlungu mubwera?"

A Mafayilo anapinda kansalu kaja n'kukaika m'thumba la jekete.

"Mumuuze mwana wanga asaphike zambiri."

Mkamwini ananyamula makwerero n'kupita. A Mafayilo anatuluka, anakhoma chitseko, koma sanachoke. Anaima mu kolido, kiyi m'manja, akuyang'ana kamzere ka kuwala pansi pake. Kankaoneka chimodzimodzi ndi masiku onse aja. Wodutsa akanati muli munthu. Anadikira mpaka kanazima. Chifukwa anaima osasuntha, magetsi a mu kolido nawonso anazima.

"A Mafayilo!" Anali mesenjala, akukuwa kuchokera pakhomo lalikulu. "Kuno kuli gogo akufuna za madzi, ine ndamulozera kolakwika kawiri. Mubwera, kapena tikutumizireni ngolo?"

A Mafayilo anaika kiyi m'thumba. Makutu anali akuwatenthabe. Anayamba kuyenda, ndipo magetsi a mu kolido anayaka.